Sikelo Ikakana Kutsika

Mayi wina wa zaka 46, woimba m'kwaya ya parishi ya m'tauni, adapita ku chipatala chifukwa cha mawondo ndi chizungulire. Atamuyeza, adotolo adamuuza kuti magazi ake akuthamanga, shuga wayamba kukwera m'thupi, ndipo makilogalamu 92 amene miyendo yake ikunyamula ndi katundu woposa msinkhu wake. Adamulangiza kuti achepetse thupi, namuphunzitsa kuwerenga makalori a m'chakudya chake. Mayiyo ndi munthu womvera. Adagula kope la ana a sukulu, nayamba kulembamo chilichonse cholowa m'kamwa mwake: mitanda ya nsima, masupuni a shuga, mandasi a pamsika. Pa masabata atatu oyamba sikelo idatsika ndi makilogalamu atatu, ndipo iye adaimba Misa ya Lamulungu ndi mtima wopepuka. Koma mwezi wachiwiri udangochotsa theka la kilogalamu. Mwezi wachitatu muvi wa sikelo udaima pomwepo ngati wina waukhomera ndi msomali, ndipo Lolemba lina udakweranso pang'ono. Tsiku limenelo mayiyo adatseka kope lake, napita kwa katekisti wa dera lake ndi funso ili: "Aphunzitsi, miyezi itatu ndakhala ndikudzimana. Kodi zonsezi zapita pachabe?"

Ena angadabwe kuti nkhani yotere ikulowa bwanji m'nyuzipepala ya Eklezia, m'dziko limene akuluakulu akali kukumbukira njala ya 1949, ana awo naona ya 2002. Kudabwako n'komveka. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Komatu kafukufuku yemweyo adapezanso kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse, a zaka 15 kufikira 49, adali onenepa kupitirira muyezo. Mavuto awiriwa amagwada pa benchi limodzi m'tchalitchi, ndipo mbusa sangasankhe limodzi n'kusiya linzake. Kuwonjezera apo, funso la mayiyu si la thupi lokha ayi. Ndi funso lomwe lija la kholo limene lapempherera mwana wosochera zaka khumi, ndi la munthu amene amaulula tchimo lomwelomwelo mwezi ndi mwezi: kodi ntchito yabwino imene zipatso zake sizioneka ili ndi phindu?

Katekisti asanayankhe za mzimu ayenera kudziwako za thupi, pakuti kutonthoza munthu ndi mawu opatulika pa chinthu chimene wotonthozayo sachimvetsa kuli ngati kuthira mankhwala pa chilonda chosatsuka. Kalori ndi muyezo wa mphamvu, monga lita ili muyezo wa madzi. Kalori imodzi, yonga imene amalemba pa mapaketi a zakudya, ndi kutentha kokwanira kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Wilbur Atwater wa ku America adayeza zakudya zamitundumitundu, napeza kuti galamu imodzi ya shuga imapatsa thupi makalori 4, ya zomanga thupi 4, koma ya mafuta 9. Motero kasupuni ka shuga kali ndi makalori pafupifupi 16, supuni yaikulu ya mafuta ophikira pafupifupi 120, ndipo magalamu 100 a ufa wa chimanga pafupifupi 360. M'chaka cha 1918 dotolo wamkazi, Lulu Hunt Peters, adalemba buku limene lidaphunzitsa anthu wamba kuwerenga makalori pofuna kuchepetsa thupi. Ndipo m'chaka cha 1958 dotolo wina, Max Wishnofsky, adawerengera kuti paundi imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori 3,500, ndiye kuti pafupifupi 7,700 pa kilogalamu.

Pa masamu amenewa padabadwa lonjezo limene lasokoneza mitima yambiri: loti munthu akachotsa makalori 500 pa chakudya cha tsiku lililonse, adzataya pafupifupi theka la kilogalamu sabata iliyonse, mpaka kalekale. Lonjezoli likadakhala loona, mayi wa makilogalamu 92 akadatha yense m'zaka zinayi, n'kungotsala chitenje. Thupi siliyenda motero. Limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imagwira madzi okwana magalamu atatu. Munthu akayamba kudzimana, thupi limayamba kudya nkhokwe yaing'ono imeneyi, madzi aja natuluka nayo. N'chifukwa chake masabata oyamba amakondweretsa: zambiri zimene zachoka ndi madzi. Pambuyo pake m'pamene mafuta enieni amayamba kusungunuka, ndipo iwo sasungunuka mothamanga. Thupi limene lachepa limafunanso mphamvu zochepa poyenda ndi popuma, monga ngolo yopepuka sitopetsa ng'ombe. Chotero chakudya chimene chidali chochepa kwa munthu wa makilogalamu 92 sichikhalanso chochepa chomwecho kwa munthu wa makilogalamu 88. M'chaka cha 2011 Kevin Hall ndi anzake adaonetsa kuti munthu akachepetsa chakudya ndi muyezo umodzi nakhalabe pa muyezo womwewo, theka la kusintha kwa thupi lake limadza patapita pafupifupi chaka chimodzi, ndipo kusinthako kumayandikira mapeto ake patapita zaka zitatu.

Palinso china chimene chiyenera kunenedwa mwaulemu. Thupi likaona kuti chakudya chachepa, limayamba kusamala mphamvu zake, nilikulitsa njala. Limachita monga mayi wanzeru wa kumudzi amene, poona kuti nkhokwe yatsika mwezi wa Disembala usanathe, amachepetsa ufa wa mumphika kuti ana afike ku zokolola. Wochepetsa thupi amakwiya nalo khalidwe limeneli, naliyesa mdani. Komatu ndi khalidwe lomweli limene lidapulumutsa agogo ake m'chaka cha 1949. Mlengi adapanga thupi la munthu m'dziko la chilala ndi dzombe, ndipo thupilo silidziwa kusiyanitsa njala yogwa mwatsoka ndi njala yochita kufuna. Si chilungamo kutukwana wantchito wokhulupirika chifukwa chakuti akuchita ntchito imene adamulembera.

Nanga sikelo imanena chiyani? Imanena zoona, koma zoona zake n'zochepa. Imayeza mafupa, magazi, madzi, nsima ya dzulo imene ikali m'mimba, ndi mafuta, zonse pamodzi, osasiyanitsa. Ndiwo za mchere wambiri zimasungitsa madzi m'thupi; amayi amadziwa kuti masiku ena a pamwezi thupi limalemera; ndipo kulemera kwa munthu mmodzi kungathe kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pakati pa tsiku ndi linzake popanda mafuta kuwonjezeka kapena kuchepa. Tsono munthu amene amachotsa makalori 300 pa tsiku amataya mafuta osakwana magalamu 300 pa sabata, kulemera kwa kapu imodzi ya tiyi. Ntchito ya sabata yathunthu ingathe kubisika kuseri kwa kapu imodzi yomwedwa asanakwere pa sikelo. Dotolo wina wa ku Padua m'dziko la Italy, Santorio Santorio, adakhala zaka pafupifupi makumi atatu akudziyeza pa mpando wopachikidwa pa sikelo yaikulu, nayezanso zonse zimene ankadya ndi zimene zinkatuluka m'thupi mwake, ndipo adalemba zimene adapeza m'chaka cha 1614. Iye adafuna zaka makumi atatu kuti amvetse chilankhulo cha sikelo. Anthu ambiri amafuna kuchimvetsa m'mawa umodzi.

Apa m'pamene funso la thupi limasanduka funso la chikumbumtima. Mayi uja adakondwa pamene madzi adatuluka, nadziimba mlandu pamene mafuta adachedwa. Pa ziwiri zonsezi adalakwitsa chimodzimodzi: adaika sikelo pa mpando wa woweruza. Eklezia yakhala ikuphunzitsa kuyambira kale kuti munthu amatamandidwa kapena kutsutsidwa pa zimene wachita modziwa ndi mwakufuna kwake. Kuchuluka kwa nsima imene aika m'mbale kuli m'manja mwake. Kukana botolo lachiwiri la chakumwa chotsekemera pa ukwati kuli m'manja mwake. Kutsika m'minibasi patali pang'ono kuti ayende ndi miyendo kuli m'manja mwake. Koma liwiro limene mafuta amasungunukira silili m'manja mwake, monga mlimi alibe ulamuliro pa mitambo. Makilogalamu atatu oyamba aja sadali umboni wa ungwiro wake, ndipo mwezi wachitatu sudali umboni wa tchimo. Pa masiku onse makumi asanu ndi anayi amene adasunga muyezo wake, adachita ntchito ya kudziletsa nthawi makumi asanu ndi anayi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene yafafanizika chifukwa muvi wa chitsulo sudasunthe.

N'chifukwa chake kuweruza munthu poona thupi lake kuli kulakwa. Thomas Aquinas Woyera, amene mbiri imati adali munthu wamkulu thupi ndithu, kotero kuti anzake a pasukulu ankamutcha ng'ombe yosalankhula, adaphunzitsa kuti tchimo la kususuka lili m'chilakolako chosalamulidwa ndi nzeru. Adatsata Papa Gregory Wamkulu, amene adati munthu angasusuke podya nthawi isanakwane, pofuna zakudya zamtengo wapatali, podya zambiri, podya mwaphuma, kapena posankhasankha kaphikidwe. Pa njira zisanuzi imodzi yokha ndiyo ya kuchuluka. Alipo owonda amene mimba ndiyo mfumu yawo, ndipo alipo onenepa amene amadziletsa kuposa amonke. Zimenezi sikelo siziona.

Komabe mtima wa munthu sukhutira msanga ndi phunziro limeneli, ndipo chifukwa chake n'chakuti mkati mwa kudzimana kwambiri mumabisala pangano la ganyu. Munthu amati mumtima mwake: ndalima mizere yanga, tsono ndilipireni dzuwa lisanalowe. Malipiro akachedwa, amayamba kuona ngati wabedwa. Evagrius, mmonke wa m'chipululu cha Egypt amene adamwalira m'chaka cha 399, adafotokoza bwino chiyeso chimenechi, chimene amonke ankachitcha chiwanda cha masana. Amonke aja ankadya kamodzi pa tsiku, cha m'ma 3 koloko masana. Dzuwa likafika paliwombo, mmonke ankayamba kuona ngati laima ndipo tsikulo silidzatha. Ankasiya ntchito yake ya manja, nasuzumira pa zenera, natuluka kukaona kuti dzuwa lapendeka bwanji, nabwerera, natulukanso. Kenaka ankayamba kuipidwa ndi kanyumba kake, ndi ntchito yake, ndi abale ake, mpaka kuganiza kuti kwina kukadakhala bwino ndipo kuli bwino kungochoka. Amene amakwera pa sikelo m'mawa, masana ndi madzulo adzadzizindikira m'chithunzi chimenechi. Dzuwa la mmonke uja silidaime konse. Chimene chidaima ndi dengu limene ankaluka, pakuti manja ake adali pa zenera.

Ambuye Yesu adapereka fanizo la munthu wofesa mbewu, amene amagona usiku nadzuka usana, mbewu ija n'kumamera ndi kukula iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Mlimi aliyense amalimvetsa fanizoli. Amabzala ndi mvula yoyamba, nakolola patapita miyezi inayi kapena isanu, ndipo palibe wanzeru amene amafukula phando tsiku lachitatu kuti aone ngati njere yasweka. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo, amene amadikira chimanga miyezi isanu mosadandaula, amafuna kuti thupi limene lidatenga zaka makumi awiri kuti linenepe lichepe pa masabata khumi ndi awiri. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Munthu akatopa ndi kudikira, njira ziwiri zimamutsegukira, ndipo zonse n'zotsetsereka. Yoyamba ndiyo kutaya mtima. Amati, popeza sizikuthandiza, bwanji ndingodya. Ndipo madzulo amodzi amabweza zonse zimene adadzimana sabata yathunthu, m'mawa mwake nadzuka ndi manyazi amene amamubwezeranso ku mphika. Njira imeneyi anthu amaidziwa, ndipo siifuna mawu ambiri.

Yachiwiri ndiyo yoopsa kwambiri kwa anthu opembedza, chifukwa imavala malaya a ungwiro. Munthu amati, ngati mitanda iwiri sikuthandiza, ndidye umodzi. Ngati umodzi sukuthandiza, ndingomwa madzi. Ena amathamangira kwa ogulitsa tiyi ndi mankhwala olonjeza kuchepetsa thupi pa masiku ochepa, amene ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba ndi kutulutsa madzi, sikelo n'kutsika masiku awiri, ndalama zitapita. Zimene njala yadzaoneni imachita kwa munthu zidaoneka poyera ku Minnesota m'dziko la America m'zaka za 1944 ndi 1945. Ancel Keys adasonkhanitsa anyamata 36 athanzi, amene adakana kupita ku nkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo koma adadzipereka kuti madotolo aphunzire kuthandiza anthu ovutika ndi njala ya nkhondo. Kwa masabata 24 adapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo cha nthawi zonse. Adataya pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a kulemera kwawo, koma adasanduka anthu ena: ozizidwa, okwiya msanga, osakondwa, osaganiza china koma chakudya, ena mpaka kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku. Atawalola kudya mwaufulu, ambiri adadya mosadziletsa kwa miyezi. Kudzimana kopitirira sikudawamasule ku chakudya. Kudawamanga nacho kolimba.

Oyera mtima nawonso adagwa m'dzenje limeneli, ndipo sadabise. Ignatius Woyera wa ku Loyola, ali ku Manresa m'chaka cha 1522, adazunzika ndi nkhawa yopitirira ya machimo ake akale, natsimikiza kuti sadzadya kapena kumwa kanthu kufikira Mulungu atamupatsa mtendere. Adakhala sabata yathunthu osalawa kanthu, mpaka wansembe womulapitsa adamulamula kuti adye. Kudzizunza kwa masiku amenewo kudamusiyira matenda a m'mimba a moyo wake wonse, ndipo atakhala mkulu wa chipani chake ankaletsa ana ake kuwononga matupi awo chomwecho. N'zoyenera kuona kuti kusala kwake kwa sabata ija kudalinso pangano la ganyu: ankafuna kukakamiza Mulungu kuti alipire pa tsiku limene iye adasankha.

Ignatius yemweyo, atakhwima m'nzeru, adasiya malangizo amene wowerenga makalori angapindule nawo koposa. Adalangiza kuti munthu asankhe muyezo wa chakudya chake chotsatira pa nthawi imene wakhuta, osati pamene njala yamugwira. Adaphunzitsanso njira yolimbana ndi cholakwa chimodzi: kujambula mizere pa pepala, kuikapo kadontho nthawi iliyonse imene munthu wagwa, kudzifunsa kawiri pa tsiku, ndi kufananiza tsiku ndi tsiku linzake, sabata ndi sabata inzake. Woyera ameneyu sadaope kuwerenga. Koma chimene ankawerenga chidali zochita za munthu mwini, zimene angathe kuzisintha mawa. Ndipo adaonjeza lamulo lina lolimba: kuti pa nthawi ya mdima wa mumtima munthu asasinthe zimene adatsimikiza pamene mtima wake udali m'kuwala. Lolemba limene sikelo yakwera si tsiku lotsekera kope, ndiponso si tsiku lodula chakudya pakati.

Wina angatsutse kuti mawu onsewa ndi bulangete lofunditsa kulephera. Anganene kuti mayiyo sadapite ku chipatala kukaphunzira kudekha. Adapita chifukwa cha shuga ndi mawondo, ndipo ngati thupi silichepa, ukoma wake wonse sudzamuteteza ku matenda. Wotsutsayu ali ndi mbali yake ya choonadi, ndipo katekisti asamuthawe. Kupirira sikutanthauza kutseka maso. Ngati padutsa miyezi iwiri kapena itatu popanda kusintha kulikonse, pa sikelo ngakhale m'chiwuno mwa siketi, nzeru zimalamula kubwerera ku chipatala, pakuti alipo matenda ndi mankhwala ena amene amalemeretsa thupi, ndipo muyezo umene udali woyenera poyamba ungafunike kukonzedwa. Benedict Woyera, polemba malamulo a amonke ake, adaika muyezo wa chakudya cha tsiku: zakudya zophika ziwiri ndi paundi imodzi ya buledi; koma adapatsa mkulu wa amonke ufulu wowonjezera pamene ntchito yakula, ndi woganizira okalamba, ana ndi odwala. Muyezo ungasinthidwe. Chofunika n'chakuti usinthidwe ndi mutu wozizira, pamodzi ndi wodziwa, osati ndi mtima wowawa pamaso pa sikelo.

Nzeru zomwezo zimalamulanso kufunsa kope ngati likunena zoona, ndipo apa m'pamene pamawawa. M'chaka cha 1992 madotolo a ku New York adayeza mosamala anthu amene ankanena kuti amadya makalori osakwana 1,200 pa tsiku koma thupi osachepa. Adapeza kuti anthuwo ankadya pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene ankalemba, ndipo ankakulitsa ndi theka ntchito yolimbitsa thupi imene ankati achita. Sadali anthu abodza. Iwo omwe adadabwa. Dzanja limaiwala mtedza wodyera m'njira, chipande cholawira ndiwo, nsima yotsala m'mbale ya mwana imene mayi amamaliza poopa kutaya chakudya. Wansembe aliyense amene wakhala zaka zambiri akumva anthu akulapa amadziwa kuti munthu sanama kwa wina aliyense mosavuta monga amanamira iye mwini. Tsono kunena kuti sikelo si woweruza sikumasula munthu ku choonadi. Kumangosamutsa bwalo la mlandu, kulichotsa pa chitsulo chimene sichidziwa kanthu za iye, n'kuliika pa mbale ndi pa kope, pamene iye angathe kuyankha.

Ndipo wotsutsa uja ayenera kumvanso ichi, kuti zochepa zimene mayiyo akuzinyoza si zochepa kwa madotolo. M'chaka cha 2002 ku America kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 3,234 amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Gulu limodzi lidapemphedwa kutaya makilogalamu 7 okha pa 100 aliwonse a kulemera kwawo ndi kuyenda mwamphamvu mphindi 150 pa sabata. M'gulu limenelo matenda a shuga adachepa ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sadasinthe kanthu. Kwa mayi wa makilogalamu 92, muyezo umenewo ndi pafupifupi makilogalamu asanu ndi limodzi ndi theka. Iye adali atayenda kale kupitirira theka la ulendowo pa tsiku limene adati zonse zapita pachabe.

Akatekisti asamale kuti asasakanize kuchepetsa thupi ndi kusala kwa Eklezia. Kuchokera m'chaka cha 1966, pamene Papa Paul VI adakonzanso malamulo a kulapa, masiku olamulidwa kusala zakudya ndi awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo cholinga chake ndi kutembenuka mtima, kupemphera ndi kugawana ndi osauka. Wosala m'nyengo ya Lenti n'cholinga chakuti diresi la Pasaka limukwane walandiriratu mphotho yake kwa telala. Komabe kusamala thupi chifukwa cha ana amene akali kufuna mayi wawo, ndi chifukwa moyo ndi mphatso yobwereka, ndi udindo weniweni wa Mkhristu, wochokera m'lamulo lachisanu. Ndipo palibe choletsa kuti shuga ndi mafuta zimene zatsala pa mwezi zilowe m'thumba la a Vincent de Paul Woyera. Pamenepo kudzimana kwa mwezi umene sikelo idaima kumakhala kutadyetsa kale munthu wina.

Akhristu anzake alinso ndi gawo lawo, ndipo nthawi zambiri saligwira bwino. M'midzi ndi m'matauni kunenepa kwakhala chizindikiro chakuti munthu akusungidwa bwino, ndipo kuchokera m'zaka zimene Edzi idapulula anthu, kuwonda kumadzutsa manong'onong'o. Motero wochepetsa thupi amalasidwa mbali ziwiri: thupi likachepa, anthu amafunsana kuseri ngati akudwala, likapanda kuchepa, amamuseka kuti kope lake lapindula chiyani. Pa msonkhano wa mphakati amamuumiriza mtanda wachitatu, ndipo akakana amati wayamba kunyada. Kuchereza alendo ndi khalidwe lokoma la makolo, koma wochereza weniweni amafunsa chimene chingathandize mlendo wake. Amene sangaumirize mowa munthu amene wausiya asaumirizenso nsima munthu amene adotolo amuletsa.

Katekisti uja sadalonjeze mayiyo kuti sikelo idzatsika sabata yotsatira, pakuti sakadatha kulonjeza chimene sichili m'manja mwake. Adamupempha kuti atsegule kope, nawerenga naye masiku amene adasunga muyezo wake. Adapezeka ochuluka kuposa mmene mayiyo ankaganizira. Adagwirizana kuti azikwera pa sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye, ndi kufananiza mwezi ndi mwezi unzake, ndiponso kuti abwerere ku chipatala pa tsiku limene adamulembera, atanyamula kope lake. Pomaliza adamufunsa kuti, "Nanga madzulo ano mudya chiyani, mayi?" Iye adati mitanda iwiri ya nsima, usipa ndi nkhwani. "Mafuta ake masupuni angati?" Mayiyo adakhala chete kanthawi, kenaka adaseka, nati amaphika ndi mwana wake wamkazi, ndipo mwanayo amangopendeketsa botolo. Adatsanzika msanga, kuti akafike kunyumba ndiwo zisanaikidwe pamoto.